Karekoda kongoyaka kokha mchikwama

Wina wanditumizira imelo sabata yatha, akuti ali ndi rekoda ya mawu ya Tascam DR-05 imene amajambulira makwaya ndi maintaviyu, koma akayenda nayo pa minibasi amakafika mabatire atatheratu chifukwa imayaka yokha mchikwama. Ndiye akufunsa kuti kodi yawonongeka?

Ayi akulu, sinawonongeke. DR-05 imayaka mukadina batani lija la HOME nkuligwirira pang'ono, ndiye taganizani mmene timapanikizirana mu minibasi muja anayi anayi pampando, chikwama chili pamiyendo wina wakutsamirani ndi thumba la ufa, batanilo limadinika lokha inu osadziwa. Mmbali mwake muli kaswitchi kolembedwa HOLD, mukazimitsa kankhirani pamenepo basi, mabatani onse amakhala ngati afa. Anthu ambiri amayesa kuti HOLD ndi ya pojambula pokha. Pa rekoda ina ija ya Zoom H1n, HOLD ili pa kaswitchi komwe kaja koyatsira, mbali ina kamayatsa mbali ina HOLD.

Koma ine HOLD yokhayo sindiidalira paulendo wautali, kaswitchi nako kamasuntha kakamakhulana ndi makiyi kapena chaja. Zinandionekera ine, ndinafika pamalo nkupeza kakhadi kosungira mafayilo kali ndi maola awiri a phokoso la injini ndi kondakitala akukangana ndi mayi wina za chenji. Zoseketsa koma zinandipweteka, poti fayilo ya mawu ya mtundu wa WAV (44.1kHz 16-bit stereo) imadya pafupifupi 10MB pa mphindi, ola limodzi ndi 600MB ndithu.

Chomwe ndimachita pano, ndimatsegula kumabatire nkulowetsa kapepala kolimba pakati pa batire limodzi ndi kachitsulo komwe limagunda, kansonga kake ndimakasiya panja kuti ndikafika ndingosolola. Ngakhale kachidutswa ka khadi ya mayunitsi kamagwira ntchito. Ena amatembenuza batire limodzi chadodolido, zimenezo musayese chonde, mabatire amatha kutuluka madzi aja owononga zitsulo. Chovuta chake nchakuti ikakhalitsa opanda moto deti ndi nthawi zimatha kusokonekera, ndiye muziyang'ana kaye musanayambe kujambula, apo bii mafayilo anu adzakuzunguzani posaka.

Mu menyu mulinso auto power save, ikani mphindi zochepa kuti ikayaka izizimanso yokha, kungoti ikakhala kuti yayamba kujambula siizima. Ndipo igulireni kabokosi kolimba, olo kaja ka magalasi a maso ngati ikukwanamo, osati kuikulunga mu sokisi ngati mmene ndinkachitira ine.