Galu Wanga Akuvutika Kudzuka M'mawa

FUNSO: Adokotala, galu wanga Tilipo ali ndi zaka 9. Kale tinkakwera limodzi phiri la Zomba, koma pano kukazizira amadzuka movutikira, mwendo wakumbuyo akutsimphina. Mnzanga akuti ndimugulire makapisozi a omega-3. Amathandizadi? — Mayi wa ku Matawale

YANKHO: Mayi, zikumveka ngati nyamakazi ya ukalamba, ndipo ndamumvera chisoni Tilipo. Inde, amathandiza. Mafuta a nsomba a m'makapisozimo ali ndi mitundu ya omega-3 yotchedwa EPA ndi DHA, imene imachepetsa kutupa m'malo olumikizana mafupa. Koma sachiza, ndipo kusintha kumaoneka patapita milungu ingapo, choncho musataye mtima msanga.

Pitani naye ku ofesi ya zaziweto akamuyeze kaye, chifukwa mlingo umatengera kulemera kwake. Mukachulutsa adzatsegula m'mimba. Peŵani cod liver oil (mafuta a chiwindi cha nsomba), mavitamini A ndi D amachuluka.

Makapisozi akadula, usipa wophika wopanda mchere mungamusakanizire m'nsima. Musisiteni m'nthiti: ngati simukuzikhudza, wanenepa, mumuchepetsere chakudya. Muyalireni chiguduli, asamagone pasimenti yozizira.

Chonde, musamupatse Brufen wanu. Amaononga impso ndi m'mimba mwa galu.