Katungwe wa matabwa ndi mabulaketi achitsulo: yankho kwa mayi wa ku Mpondasi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mpondasi, konkuno ku Mangochi, ndipo ndaganiza zowayankha poyera chifukwa ambiri a ife tili ndi abale ku Joni amene amatitumizira katundu wamtunduwu. Achimwene awo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawatumizira mabulaketi awiri achitsulo opangira katungwe wa ana pakhomo. Pa katoni panalembedwa kuti miyendo ikhale ya 4x4 ndipo mtanda wapamwamba ukhale wa 4x6, koma matabwa a miyezo yomweyo amene anagula pamsika akukana kulowa. Mayiwa akufunsa ngati anawatumizira katundu wolakwika, akufunsanso mtengo woyenera kugwiritsa ntchito, komanso ngati miyendo iyenera kukwiriridwa pansi ndi simenti. Ana awo ndi awiri, wina wa zaka zisanu, wina wa zaka 9.

Mayi, achimwene anu sanalakwitse, ndipo wogulitsa matabwa uja sanakubereni. Mabulaketi ambiri otere amapangidwa motsatira miyezo ya ku America, kumene thabwa lotchedwa 4x4 limafika kwa wogula litaumitsidwa kale ndi kupalidwa, kotero kuti kukula kwake kwenikweni ndi mainchesi atatu ndi theka mbali zonse, omwe ndi mamilimita 89. La 4x6 nalonso limakhala la mamilimita 89 ndi 140. Kuno kwathu ocheka matabwa akati 4x4 amatanthauza mainchesi anayi athunthu, pafupifupi mamilimita 100, ndipo poti ambiri amacheka ndi macheka a pamanja kapena makina ang'onoang'ono, thabwa limodzi lomwelo limatha kunenepa uku n'kuwonda uko. Choncho tengani bulaketi imodzi, mupite nayo limodzi ndi matabwawo kwa kalipentala amene ali ndi makina opalira, ndipo apale pang'onopang'ono mbali zonse mofanana, akuyesa nthawi ndi nthawi, mpaka thabwa lizilowa mothina, lofuna kumenyedwa pang'ono ndi chidutswa cha mtengo. Musalole kuti aseme ndi chikwanje kumapeto kokha, ndiponso musalole kuti apale mopitirira n'kumadzaza mpatawo ndi timitengo, chifukwa thabwa likamagwedera m'kati mwa chitsulo limakulitsa mabowo a mabawuti tsiku ndi tsiku.

Kwa owerenga ena amene alibe wowatumizira, ntchito yopanga mabulaketi owotcherera zitsulo a pa boma amaitha bwino ndithu, malinga ngati mwayamba mwagula matabwa n'kupita nawo kuti ayeze pomwepo. Chitsulo chake chisachepere mamilimita atatu kukhuthala, ndipo awotcherere mzere wonse, osati modontheza apa ndi apo.

Ndikufuna mumvetse ntchito ya bulaketi, chifukwa anthu ambiri akaona chitsulo amakhulupirira kuti mphamvu yonse ya katungwe ili mmenemo. Bulaketi imangogwira miyendo iwiri kuti itangadze mofanana ndi kulumikizana ndi mtanda popanda kusema mano ovuta. Kulemera kwa ana kumanyamulidwa ndi mtanda, ndipo kugwedezeka konse kumathera pansi pamene miyendo yaponda. Mwana akakankhidwa mpaka matcheni atapendekeka madigiri 60, podutsa pansi amakoka mtanda ndi mphamvu yowirikiza kawiri kulemera kwake, kotero kuti mwana wa makilogalamu 30 amakoka ngati wa makilogalamu 60. Onjezerani pamenepo kuti katungwe wa pakhomo sakhala wa ana a m'nyumbamo okha. Ana a m'makomo oyandikana adzabwera, adzakwera awiriawiri, wina atakhala wina ataimirira, ndipo tsiku lina adzakhalapo munthu wamkulu atanyamula khanda. Mangani mukuganizira anthu amenewo.

N'chifukwa chake thabwa la mtanda ndi limene muyenera kulisankha ndi maso anu, osatuma munthu. Liikeni pansi, muliyang'ane kuchokera kumapeto ngati mukulunjika, muone ngati lawongoka. Likaneni ngati lili ndi mfundo yaikulu chapakati, makamaka m'mphepete mwa mbali imene idzayang'ane pansi, kapena mng'alu wotsatira utali wake. Pomanga, mbali ya mainchesi 6 iimirire, isagone, pakuti thabwa loimika chotero limapirira kupindika kuposa logona chafufumimba. Kwa ana awiri, mtanda wopitirira pang'ono mamita atatu ndi wokwanira, ndipo sindingakulangizeni kupitirira mamita atatu ndi theka pa thabwa la msinkhu umenewu.

Za mtundu wa mtengo, maganizo anga ndi awa. Paini ndi wopepuka, wosavuta kupala ndi kuboola, koma akakhala wosathira mankhwala chiswe cha kuno sichimuchedwetsa. Bulugama ndi wolimba ndipo ndi amene ndingasankhe pa miyendo ndi mtanda womwe, koma akhale wouma, chifukwa wauwisi amang'aluka ndi kupotoka akamauma, ndipo thabwa limene lero lathina mu bulaketi lidzayamba kugwedera likafota. Ngati amene mwagulayo akulemera ndi kuzizira m'manja, muunjikeni pamthunzi podutsa mphepo, mutalekanitsa matabwa ndi timitengo, kwa milungu ingapo musanapite naye kopala. Tsanya ndi mlombwa sizidyedwa msanga ndi chiswe, zimenezo ndi zoona, koma ndi mitengo yachilengedwe imene kudula kwake kumafuna chilolezo cha a zankhalango, ndipo aliyense woyang'ana mapiri otizungulira akuona mmene atsalira. Sindingakondwe kumva kuti mtengo wa zaka makumi ambiri wagwa chifukwa cha katungwe pamene bulugama wodzala alipo.

Pali matabwa ndi mapolo obiriwira pang'ono amene anathiridwa mankhwala otchedwa CCA. Amakhalitsa panja, koma mankhwalawo ali ndi poizoni wa arsenic, ndipo ku America anasiya kugwiritsa ntchito matabwa otere pa zoseweretsa ana za pakhomo kumapeto kwa chaka cha 2003. Ngati ndi amene mwapeza, apakeni penti yamafuta kawiri kuti manja a ana asamakhudze thabwa lenileni, musapangire pokhalira, ndipo zidutswa ndi utuchi wake zisapite pamoto wophikira. Oyilo wakuda wa galimoto, amene ambiri timapaka pa mitengo ya makola ndi mipanda, pa katungwe asafikepo, chifukwa ana amakumbatira miyendo ija kenako n'kukadya ndi manja omwewo.

Tsopano nkhani ya pansi, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa pakhomo lina chakunyanja kuti ndikaone katungwe amene ankalira akakwera ana. Kumwamba kunali bwinobwino, penti ikuwala, mabulaketi alibe ndi dzimbiri lomwe. Nditagwada pa mwendo umodzi wa kumbuyo ndinaona kamzere ka dothi kopyapyala ngati chala cha mwana katakwera kuchokera pa simenti, ndipo nditabaya ndi msomali pamalo pamene thabwa limakumana ndi nthaka, msomaliwo unalowa wonse popanda kulimbana. M'katimo munali dothi lokhalokha, panja patangotsala khungu la thabwa ndi penti. Miyendoyo anaikwirira m'simenti, thabwa litauma linafota, pakati pa thabwa ndi simenti panatseguka mpata, madzi a mvula ankaima mmenemo, ndipo chiswe chinapeza chinyezi ndi chakudya pamalo amodzi. Ana a pakhomopo anali akusewera pamenepo dzulo lake lomwe.

Choncho yankho langa ndi lakuti simenti ikufunika, koma thabwa lisalowe m'simentimo. Yambani mwamanga katungwe yense, mumuimike pamalo pake, muone ndi levulo kuti mtanda wagona mofanana, kenako mulembe pamene mwendo uliwonse waponda. Musunthireni pambali, mukumbe maenje anayi a masentimita 40 m'mbali zonse ndi masentimita 60 kuya, chifukwa nthaka yathu ya mchenga sigwira ngati katondo wa ku Namwera. M'dzenje lililonse muthire konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, ndipo muimikemo chitsulo chokhuthala chamakona chotuluka pamwamba pafupifupi masentimita 25, chopendekeka monga mwendo ukupendekera, chomwe kumunsi kwake chapindidwa kuti chisazuke. Mwendo udzamangidwa ku chitsulocho ndi mabawuti awiri, utatukuka pang'ono, mpata wolowa chala, kuti madzi azidutsa ndipo inu muzitha kuona pansi pake. Chiswe chikafuna kukwera chidzayenera kumanga njira yake poonekera, ndipo mudzachiona posesa. Pamwamba pa konkire pakhale potsetsereka pang'ono ndi m'mbali mosalala, popanda ngodya yakuthwa. Muziithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7 ana asanakwere, pakuti kutentha kwa kuno kumaumitsa konkire isanakhwime.

Ena amangokhazika katungwe pamwamba pa nthaka poganiza kuti kulemera kwake n'kokwanira. Ana awiri akamapita mbali imodzi nthawi imodzi, miyendo ya kumbuyo imanyamuka, ndipo pa mchenga mwendo umodzi umamira kuposa unzake mpaka chimango chonse chitapotoka.

Misomali isagwiritsidwe ntchito polumikiza chilichonse chonyamula katundu. Gulani mabawuti a mamilimita 10 kapena 12 okutidwa kuti asachite dzimbiri, oboola thabwa mpaka kuseri, okhala ndi mawashala mbali zonse ziwiri. Ngati mabulaketi anu ali ndi mabowo a mbali imodzi yokha, gwiritsani ntchito masikuluwu akuluakulu omangidwa ndi sipanala, mutayamba mwaboola kabowo kocheperapo kuti bulugama asang'ambike. Bawuti ikatuluka kwambiri kuseri kwa nati, iduleni ndi kuisalaza, chifukwa imakola zovala. M'kati mwa mabulaketi mupake penti yoteteza dzimbiri musanalowetse matabwa, ndipo pa mbali iliyonse muike thabwa lopingasa lolumikiza miyendo iwiri chapakati, kuti isatangadze mopitirira.

Miyezo ya mipata nditenga ku malangizo a bungwe la ku America loona za chitetezo cha katundu, la Consumer Product Safety Commission, chifukwa ndi omveka bwino. Pakati pa pokhalira pawiri pakhale masentimita 60, pakati pa pokhalira ndi miyendo pakhale masentimita 75, ndipo zokolekera ziwiri za pokhalira pamodzi zitalikirane masentimita osachepera 50, motambalala pang'ono kuposa pokhalirapo, kuti mwana asamayende cham'mbali. Mukawerengera mudzaona kuti malo a ana awiri akufuna mtanda wopitirira pang'ono mamita atatu, ndipo wachitatu alibe malo. Pokhalira patalike masentimita 30 kuchokera pansi kwa wamng'onoyo, ndi masentimita 40 kwa wamkuluyo. Kutsogolo ndi kumbuyo kukhale malo opanda kanthu otalika kawiri kutalika kwa mtanda. Miyendo ya mamita 2.4 ikatangadza imaika mtanda pafupifupi mamita 2.2 kuchokera pansi, choncho mukufunika mamita 4.4 kutsogolo ndi enanso 4.4 kumbuyo, popanda mpanda, chingwe choyanikira zovala, thandala la mbale, chitsa kapena malo ophikira. Ngati bwalo lanu ndi lopanikizika, fupikitsani miyendo, ndipo ana a misinkhu imeneyi adzasangalala chimodzimodzi.

Mwayi umene tili nawo kuno ndi mchenga. Kumbani malo onse amene ana angagwere, muthiremo mchenga wosefa wokuya masentimita 30, ndipo muziutembenuza ndi khasu, makamaka pansi pa pokhalira pamene mapazi amakumba dzenje. Koma mchenga womwewo, pamodzi ndi chitsulo, umawotcha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndiye sankhani malo amene mthunzi wa mtengo umafika masana, osati pansi penipeni pa nthambi za mango kapena pamene madzi amadikha m'dzinja.

Pa zokolekera, ndimakonda matcheni kuposa zingwe za nayiloni zimene timaziona kwa asodzi, chifukwa dzuwa limazifooketsa mwakachetechete ndipo zimadzaduka tsiku limene zikuonekabe zabwino. Gawo la matcheni limene mwana amagwira mulilowetse m'paipi yothirira maluwa, kuti zala zisapanidwe ndiponso manja asapse. Matcheni asazungulire mtanda, chifukwa amadya thabwa. Akoleke pa mabawuti a mphete oboola mtanda kuchokera pansi mpaka pamwamba, kapena pa zokolekera zozungulira ngati zinabwera m'katoni muja, ndipo muzipaka girizi pamene chitsulo chikukhudzana ndi chinzake. Ngowe iliyonse ifinyidwe mpaka itatsekeka. Pokhalira pabwino ndi chidutswa cha lamba wokhuthala wa labala, kapena tayala limene mulibe mawaya, chifukwa katungwe n'kukankhana, ndipo wokankha uja, amene kawirikawiri amakhala wamng'ono, ndi amene amagundidwa pamphumi. Thabwa lolemera pamalo amenewo limavulaza kwambiri.

Mukamaliza, ana asanakwere, mangirirani thumba la simenti la makilogalamu 50 pa pokhalira paliponse, muwakankhe onse awiri mbali imodzi, inu mutaima pambali n'kumayang'ana miyendo ndi kumvetsera ngati pali polira. Pakatha milungu iwiri mudzamangenso manati onse ndi sipanala, chifukwa thabwa lidzakhala litafota pang'ono, ndipo mudzachitenso chimodzimodzi mvula yoyamba ikagwa. Ngati zingatheke, mayi, nditumizireni chithunzi cha mabulaketiwo mutaika tepi pakamwa pake, kuti ndikuuzeni mamilimita enieni oti mukamuuze kalipentala asanayambe kupala.