Kwa mayi amene mwana wawo akufuna kukajambula kugombe la Cape Town

Zikomo mayi, ndawerenga funso lanu lokhudza mwana wanu amene amalemba zikwangwani za masaluni ndi mashopu kuno ku Johannesburg, ndipo tsopano akufuna kusamukira kugombe la Cape Town kuti azikajambula malo otchuka a kumeneko n'kumagulitsa zithunzizo kwa alendo. Mwafunsa ngati munthu angadye ndi ntchito imeneyi komanso ngati kuli koyenera kumulola. Ine ntchito yanga ndi yokhoma mafelemu a zithunzi, ndipo zithunzi za kunyanja zimadutsa m'manja mwanga kawirikawiri, choncho ndiyankha potengera zimene ndaona kwa anthu a luso limeneli. Maganizo anga ndi akuti mumulole apite, koma apite kukayesa kaye nyengo imodzi asanatsanzike makasitomala ake a kuno, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo akafika asankhe kadera kamodzi ka gombe n'kukakamira pomwepo.

Kuyesako kuyambire konkuno. Kujambula panja, anthu akukuimirira kumbuyo ndi kukufunsa mafunso, dzuwa likusuntha mthunzi ola lililonse, n'kosiyana kwambiri ndi kukopera chithunzi cha pafoni uli m'chipinda. Atenge zipangizo zake akajambule Nelson Mandela Bridge ku Braamfontein kapena nsanja ziwiri za ku Orlando, amalize chithunzi pamalo pomwepo, kenaka aone ngati munthu wosamudziwa angatulutse ndalama kuti agule. Akayenderenso msika wa Lamlungu wa ku Rosebank kuti aone kukula kwa zithunzi zimene anthu amanyamula ndi mitengo imene amalipira. Cape Town ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera kuno, ndipo si kwanzeru kuyenda mtunda wonsewo kukaphunzira chinthu chimene akanachiphunzira pa tikiti ya takisi.

Ndikanakhala ine ndikanamulozera ku False Bay, chigawo cha nyanja cha kum'mwera kwa mzindawo, kuyambira ku Muizenberg kudutsa ku St James mpaka ku Kalk Bay. Malo atatuwa ndi oyandikana moti munthu amatha kuwayenda wapansi, ndipo njanji, imene inafika ku Kalk Bay mu 1883 ndi ku Simon's Town mu 1890, imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Pakamtunda kochepako pali tinyumba tamatabwa topakidwa utoto wowala tomwe osambira amasinthiramo zovala, pali dziwe losambira lotchingidwa ndi khoma pa St James, palinso doko la Kalk Bay ndi maboti ake a asodzi komanso kansanja kowunikira maboti kamene kali kumapeto kwa khoma lotchinga mafunde. Lendi ya ku Kalk Bay kwenikweniko sangaikwanitse, koma kuli Amalawi anzathu ambiri m'madera monga Vrygrond ndi Masiphumelele, ndipo ngati muli ndi wachibale kumeneko, nkhani ya pogona ikambidwe mwanayo asanakwere basi.

Tsiku la wojambula kugombe limenelo silikonzedwa ndi iye mwini, limakonzedwa ndi dzuwa, mphepo ndi madzi. Gombe la Kalk Bay limayang'ana chakum'mawa ndipo phiri lili kumbuyo kwake, choncho kuwala kwabwino kumakhala m'mamawa, pamene madzulo mthunzi wa phiri umafulumira kugwera padoko. Wofuna kugwira ntchito ayenera kukhala atafika kukungocha. Kujambula kulowa kwa dzuwa m'madzi n'kwa mbali ina ya chigawochi, monga ku Kommetjie kumene kuli nsanja yaitali yoyera yowunikira maboti ya Slangkop, koma zimenezo adzazione akadzakhazikika.

Mphepo ndiyo imagonjetsa ambiri. M'miyezi yotentha, makamaka kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, kumaomba mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene eni ake amaitcha Cape Doctor, ndipo amene anakhalapo ku Nkhotakota kapena ku Salima nthawi ya mwera ali ndi chithunzithunzi cha mphamvu yake. Chinsalu chachikulu chokhomedwa pa thabwa chimakoka mphepo n'kugwa chafufumimba, ndipo mchenga umamatirira pa penti yaiwisi. Ndalandirapo zithunzi zimene ukapititsa chala pamwamba pake umamva kukhakhala, mwini wake n'kumati ndi luso, pamene ndi mchenga wa ku Muizenberg. N'chifukwa chake ojambula ozolowera amagwiritsa ntchito timatabwa tating'ono togwirika pamwendo, amamangirira chigubu cha madzi kumiyendo ya choimikira kuti chilemere, ndipo amakhala kuseri kwa khoma. Penti ya acrylic imauma msanga, zimene zimathandiza pa nkhani ya mchenga, koma mumphepo imaumira pa burashi munthu asanamalize kusakaniza, choncho ayenera kukhala ndi kabotolo kopopera madzi ndi kansalu konyowa pansi pa pepala losakanizirapo. Penti ya mafuta imatenga masiku kuti iume, ndipo kuinyamula yaiwisi m'sitima yodzaza ndi anthu opita kuntchito n'kudziputira milandu.

Chinthu china chimene ife a kunyanja ya Malawi sitinakule nacho ndi kudzaza ndi kuphwa kwa madzi. Nyanja yamchere imadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Miyala imene wayamba kuijambula m'mawa imakhala itamira pofika masana, boti limene linali pansi pa khoma la doko limakhala litakwera, ndipo mawa lake pa ola lomwelo zinthu sizikhalanso monga anazisiyira. Aziona ndandanda ya nthawi za madzi asanachoke pakhomo, ndipo asamakhale pa khoma la doko nyanja ikakalipa, chifukwa mafunde amalumpha khomalo ndipo anakokololapo anthu. Mpweya wamchere nawonso umadya zitsulo: timisomali tokhomera chinsalu timachita dzimbiri n'kusiya madontho ofiirira amene amatulukira kutsogolo kwa chithunzi pakapita miyezi. Agule tosachita dzimbiri ngakhale tili todulirapo, ndipo mapepala azisunga m'pulasitiki kuti asapindike ndi chinyezi.

Tsopano ndifike pa chimene ndikuona kuti n'chofunika kuposa zonsezi. Tinyumba ta ku Muizenberg tinajambulidwa kale ndi anthu osawerengeka, ndipo tili pa mapositikhadi, pa makapu ndi pa nsalu za patebulo m'mashopu ambiri a m'derali. Mwana wanu akapita kukawonjezera chithunzi china cha tinyumbato, adzapikisana ndi makina osindikizira, ndipo makina sagonja pa mtengo. Mwayi wake uli m'dzanja lomwelo limene akufuna kulisiya, dzanja la wolemba zikwangwani. Boti lililonse la padoko lili ndi dzina lake ndi nambala yake, shopu iliyonse ya mumsewu waukulu ili ndi chikwangwani chake, ndipo ojambula ambiri, ngakhale aluso ndithu, akafika pa zilembo amangodetsadetsa. Munthu amene angajambule boti lenileni, dzina lake lolembedwa molondola, chingwe chomangidwa pamene chimamangidwadi, penti yosupuka pamene inasupukadi, wapanga chinthu chimene mwini botilo, mkazi wake kapena mwana wake amene anasamukira kunja angafune kukhala nacho pakhoma. Zoterezi sizitheka kwa munthu wongodutsa. Zimatheka kwa amene amaoneka pamalo amodzi tsiku ndi tsiku mpaka asodzi ndi amayi otumbula nsomba atamuzolowera, amene amapereka moni, ndiponso amene amapempha chilolezo asanajambule nkhope ya munthu ali pantchito yake.

Kudziwika ndi eni dera n'kumenenso kudzamudyetse m'nyengo yozizira. Mvula ya ku Cape Town imagwa nthawi imene kuno kumakhala kouma, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo alendo amachepa kwambiri, ngakhale kuti anangumi amene amalowa m'False Bay kuyambira chapakati pa chaka mpaka cha mu Novembala amakokako anthu ena. M'miyezi imeneyo wojambula amadalira maoda: chithunzi cha nyumba ya munthu, bolodi la chakudya cha palesitilanti, dzina la boti lofunika kulembedwanso. Asachite manyazi ndi ntchito zimenezi, ndipo maburashi ake olembera zilembo asawasiye kuno.

Pa za kagulitsidwe ndinena mwachidule. Malonda a mumsewu amafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda, ndipo mapepala ake okhalira ndi kugwirira ntchito m'dziko muno ayenera kukhala olongosoka, apo ayi katundu wake angalandidwe. Alendo ambiri amabwerera pandege, choncho amagula chimene chingalowe m'sutikesi, ndipo zithunzi za saizi ya A4 kapena A3 zili ndi ubwino winanso wakuti mafelemu ake amapezeka okonzakonza pa mtengo wotsika. Azisiya kampata m'mbali mwa chithunzi kuti felemu isadye siginecha yake, ndipo kumbuyo azilemba dzina la malo ndi chaka. Ambiri sayenda ndi ndalama m'thumba, motero kamakina kolandirira khadi n'kofunika. Akasiya zithunzi pashopu kuti amugulitsire, alembe papepala chiwerengero chake, mtengo ndi gawo limene mwini shopu adzatenge, onse awiri asaine, ndipo chithunzi chilichonse achijambule pafoni chisanachoke m'manja mwake. Poika mtengo aziwerengera penti, thabwa, thiransipoti ndi tsiku lake lonse, osati kungoona nkhope ya wogula.

Nthawi yabwino yonyamukira ndi cha mu Okutobala, kuti pofika Disembala akhale ataphunzira malo ndipo ali ndi zithunzi zokwanira kuyala. Apite ndi ndalama ya lendi ya miyezi ingapo, ndipo ya basi yobwerera muisunge inuyo mayi, isakhale m'thumba mwake. Muuzeni azilemba m'kope ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Isitala ikadutsa mukhale pansi awirinu ndi kopelo, muone ngati zolowa zinaposa zotuluka komanso ngati pali maoda a eni dera omudikira m'miyezi ya mvula. Ngati alipo, apitirize, ndipo ngati palibe, abwerere ku zikwangwani zake za kuno n'kudzayesanso chaka chinacho.