Mafunso a owerenga: Kodi nyumba ingadwalitse munthu?

FUNSO: Akonzi, ine ndi amuna anga timachita lendi m'nyumba ya chipinda chimodzi pamodzi ndi ana athu anayi. Khoma limakhala lonyowa, pakona panamera nkhungu yakuda, ndipo mwana wathu womaliza sasiya kutsokomola. Kuchipatala amatipatsa mankhwala n'kupezako bwino, koma pakapita masabata ochepa chifuwa chimayambiranso. Abambo ake akuti ndi mmene anabadwira. Kodi n'kutheka kuti nyumbayi ndi imene ikumudwalitsa?
Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, n'zotheka ndithu, ndipo mwachita bwino kuikayikira nyumbayo. Amene anganene motsimikiza chomwe chikumuvuta mwana wanu ndi adokotala akamupima, koma mukapitanso kuchipatala musakaiwale kuwafotokozera za khoma lonyowalo, chifukwa mankhwala amagwira ntchito yochepa ngati wodwala akubwerera kukagona pamalo pomwe anatengera vuto.

Nkhungu imene mukuiona pakonapo ndi chinthu chamoyo, ndipo imatulutsa tinjere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe timauluka m'chipinda. Mwana akagona chifupi ndi khomalo amatipuma usiku wonse, njira zake za mpweya zimatupa, ndiye amadzuka akutsokomola, mwinanso pachifuwa pakulira ngati mluzu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza chinyezi ndi nkhungu m'chaka cha 2009, ndipo linanena kuti okhala m'nyumba zotere amavutika kawirikawiri ndi matenda a m'chifuwa komanso mphumu. Ku Rochdale, m'dziko la England, mwana wa zaka ziwiri anamwalira m'chaka cha 2020, ndipo ofufuza za imfa yake anapeza kuti anafa chifukwa chopuma nkhungu kwa nthawi yaitali, ngakhale makolo ake anadandaula kangapo kwa eni nyumba. Sitikunena izi pofuna kukuopsezani, koma kuti abambo a mwanayo adziwe kuti nkhaniyi si yoitenga mopepuka.

Vuto lachiwiri ndi kuthithikana. Bungwe la United Nations loona za malo okhala anthu la UN-Habitat limati nyumba ndi yodzaza mopitirira muyeso ngati anthu oposa atatu akugona chipinda chimodzi, pomwe inu mulimo asanu ndi mmodzi. Mpweya umene anthu asanu ndi mmodzi amapuma usiku umasanduka timadontho ta madzi pamakoma ozizira, choncho kuchulukana kwanuko kukudyetsanso nkhungu ija. Chimfine, chikuku ndi chifuwa chachikulu zimayenda ndi mpweya womwewo, moti mmodzi akadwala ena onse amakhala pachiopsezo.

Pamene mukuyembekeza zokhalitsa, chotsani mphasa kapena bedi la mwanayo kukhoma lonyowalo, muzitsegula zenera ndi chitseko m'mawa uliwonse, ndipo zovala zonyowa muziyanika panja. Koposa zonse musamaphikire m'chipinda chomwe mumagonamo. Utsi wa nkhuni, makala ndi palafini umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse padziko lapansi, ndipo makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umatha kupha munthu ali m'tulo. Nkhungu mungaichotse ndi madzi a sopo mwana ali panja, komabe idzameranso ngati denga likudontha kapena madzi akulowera pansi pa khoma, ndipo kukonza zimenezo ndi udindo wa eni nyumba. Mwanayo akayamba kupuma mofulumira kapena nthiti zikamalowa mkati popuma, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

FUNSO: Ine ndinavutikira nyumba yanga ndipo ndi yabwino. N'chifukwa chiyani boma liziwononga misonkho yanga pa nyumba za anthu ena? Aliyense asamale zake.
Bambo wina wopuma pantchito

YANKHO: Bambo, thukuta lanu tikulilemekeza, koma pamfundoyi sitikugwirizana nanu. Mpanda wanu umaletsa akuba, koma suletsa ntchentche, udzudzu kapena madzi oyenda pansi pa nthaka. M'chaka cha 1854 kolera anapha anthu mazanamazana m'dera la Soho ku London, ndipo dokotala John Snow atalondoloza nyumba za omwalirawo anapeza kuti ambiri ankamwa madzi a pamjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Pambuyo pake zinadziwika kuti chitsime chake chinali pafupi kwambiri ndi dzenje la zonyansa la nyumba imodzi yokha. Ena amene anafa ankakhala kutali, koma ankatumiza anthu kukawatungira madzi omwewo poti ankawakonda kukoma kwake.

Ndalama zokonzera nyumba zimabwereranso kudzera m'zipatala. M'chaka cha 2000 boma la chigawo cha Coahuila ku Mexico linayamba kuthira simenti pansi m'nyumba za anthu osauka zomwe zinali zadothi. Akatswiri amene anafufuza ntchitoyi anapeza kuti kumene pansi ponse panathiridwa simenti, ana ang'onoang'ono opezeka ndi tizilombo ta m'mimba anachepa ndi 78 pa 100 aliwonse, otsekula m'mimba anachepa ndi 49, ndipo operewera magazi anachepa ndi 81. Chimene chimatikhudza mtima kwambiri n'chakuti amayi a m'nyumbazo anachepetsanso nkhawa ndi kukhumudwa. Kumadera a malungo, kutseka mpata wa pakati pa khoma ndi denga ndi kuika sefa m'mazenera kumachepetsa udzudzu wolowa m'nyumba usiku.

Palinso nkhani ya kusowa kwa nyumba, yomwe ambiri amaiphonya. Werenganinso kalata ya mayi ali pamwambapa. Iwo akudziwa kuti nyumba yawo ndi yoipa, nanga n'chifukwa chiyani sakusamuka? Nyumba zikachepa, lendi imakwera, ndipo wochita lendi amaopa kudandaula poganiza kuti pakhomo pali kale ena amene akudikira chipinda chomwecho. Ndalama zambiri zikathera ku lendi, zogulira chakudya ndi mankhwala zimaperewera, ndipo banja losamukasamuka limaduliza ana sukulu ndi katemera, pomwe odwala chifuwa chachikulu amasiyira panjira mankhwala omwe ayenera kumwa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Chifuwa chosiyidwa panjira chimatha kusanduka chosamva mankhwala, ndipo mwini wake amakwera nanu galimoto imodzi, amapemphera nanu nyumba imodzi. Padziko lonse anthu oposa 1 biliyoni amakhala m'malo othithikana opanda madzi abwino ndi zimbudzi zokwanira.

Choncho chimene tikukupemphani ndi kutsatira mmene misonkho yanuyo ikugwirira ntchito. Pamisonkhano ya m'dera lanu funsani ngati malo omangapo nyumba akugawidwa ali ndi misewu, ngalande ndi mapaipi a madzi, ngati oyendera zaumoyo amalowadi m'nyumba zalendi, komanso ngati pali lamulo loteteza wochita lendi amene wanena za denga lodontha kuti asathamangitsidwe mwezi womwewo.