Kutenga mayi okalamba pa ulendo wa sitima yapamadzi: za matenda opatsirana ndi kubindikiritsidwa

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kutenga mayi anu, amene ndi achikulire ndiponso amadwala shuga, pa ulendo wa sabata imodzi wa sitima yapamadzi yoyendetsa anthu okasangalala, poti mukuopa kuti matenda opatsirana akabuka mudzatsekeredwa m'chipinda kwa masabata ngati mmene zinachitikira nthawi ya Covid-19. Ine ndikuti pitani, malinga dokotala wawo avomereze, koma nkhawa yanu muilunjikitse pamalo oyenera. Kubindikiritsa sitima yonse sikuchitikachitika, ndipo kukachitika olamula amakhala akuluakulu a zaumoyo a dziko limene kuli dokolo. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthu mmodzi amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndiye amauzidwa kuti asatuluke m'chipinda mwake kwa tsiku limodzi kapena awiri. Konzekerani zimenezi, chifukwa kwa munthu wa shuga tsiku limodzi lokhalira kusanza si nkhani yaing'ono.

Matenda amene amavutitsa kwambiri m'sitimazi amayamba ndi kachilombo kotchedwa norovirus. Kakalowa m'thupi, zizindikiro zimaoneka pakatha maola 12 mpaka 48, ndipo munthu amadwala tsiku limodzi mpaka masiku atatu. Kamafala kudzera m'manja, m'chakudya, m'madzi ndi pa zinthu zimene anthu ambiri amagwira, monga zitsulo zogwirira pokwera masitepe, mabatani a chikepe ndi zipande zogawira chakudya, ndipo kamatha kukhala pa zinthu zotere kwa masiku ambiri. Kachilomboka kali ponseponse, m'masukulu, m'zipatala ndi m'nyumba zosungira okalamba, moti ku United States miliri ya norovirus yochitikira m'sitima zoterezi ndi gawo laling'ono kwambiri la miliri yonse imene imalembedwa. Imamveka kwambiri chifukwa sitima zimakakamizidwa kuwerenga odwala ndi kupereka lipoti, pamene mahotela ndi malo odyera a pamtunda sachita zimenezo. Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti mankhwala opaka m'manja aja, amene amaikidwa pakhomo lililonse la malo odyera, sapha bwino kachilomboka. Chothandiza ndi sopo ndi madzi, kusamba m'manja kwa masekondi osachepera 20 musanadye ndiponso mukachoka ku chimbudzi.

Tiyerekeze kuti mayi ayamba kusanza usiku wachitatu. Mumaimba foni ya m'chipinda kupita ku chipatala cha m'sitima, ndipo nthawi zambiri amakuuzani kuti musayende nawo m'makonde, namwino abwera yekha. Iye amafunsa kuti asanza kangati, atsegula m'mimba kangati, ndipo amakupatsani pepala loti mulembe zimene anadya ndi kumene anapita masiku angapo apitawo, m'sitimamo ndi pamtunda. Amene watsegula m'mimba katatu kapena kuposa pa maola 24, kapena wasanza ndipo ali ndi chizindikiro china monga kupotokola m'mimba, mutu kapena kutentha thupi, amalembedwa m'buku la odwala matendawa. Kuchokera pamenepo amakhala m'chipinda mpaka patapita maola osachepera 24 zizindikiro zitasiya, ndipo makampani ena amafikitsa maola 48. Chakudya chimabwera pa thireyi n'kusiyidwa pakhomo, poyamba chopepuka monga msuzi, mpunga woyera ndi buledi wouma, pamodzi ndi madzi a m'botolo. Chipindacho chimakonzedwa ndi gulu lapadera lovala magolovesi ndi zotchinga pakamwa, limene limapukuta paliponse ndi mankhwala amphamvu ngati klorini ndipo limanyamula nsalu zogona m'matumba akeake. Khadi lotulukira m'sitima limatha kuimitsidwa, kotero kuti sitima ikaima padoko wodwalayo sangatsike. Namwino amaimba foni kufunsa mmene zilili, ndipo ndi iye kapena dokotala amene amamasula munthu. Inu ogona nawo chipinda chimodzi, ngati mulibe zizindikiro, kawirikawiri simutsekeredwa pa matenda a m'mimbawa, kungoti amakuyang'anirani. Pa matenda a m'mapapo monga Covid-19 kapena chimfine champhamvu, masiku amatha kuchuluka ndipo lamulo la kampani iliyonse ndi lakelake.

Vuto lalikulu limene ndimaliona lili mwa ife apaulendo. Munthu walipira ndalama zambiri, mawa sitima ikuima pamalo amene wakhala akulakalaka kuwaona, ndiye akadwala amangomwa mankhwala oletsa kutsegula m'mimba n'kukhala chete, kenaka m'mawa ali pamzere wa chakudya akugwira chipande chimene anthu mazana agwirenso. Miliri yambiri imakula motere. Kwa mayi anu kubisa n'koopsa kawiri, chifukwa munthu wachikulire madzi amamuthera m'thupi msanga, ndipo shuga amasokonekera munthu akamalephera kudya. Chipatala cha m'sitima chingathe kuwaika diripu ndi kuwayeza magazi, koma chingachite zimenezi pokhapokha mwanena msanga. Musananyamuke, pemphani dokotala wawo alembe papepala chochita ndi mankhwala a shuga tsiku limene akusanza, pakuti mapiritsi ena monga metformin madokotala amalangiza kuwaimitsa kaye madzi akachepa m'thupi, pamene insulini siyisiyidwa chisawawa.

Odwala akachuluka, sitima yonse imasintha kachitidwe. Ku United States, bungwe la boma loona za kupewa matenda, la CDC, lili ndi nthambi yotchedwa Vessel Sanitation Program, imene inayamba mu 1975 ndipo imayang'anira sitima zofika m'madoko a dzikolo kuchokera kunja. Sitima imapereka chiwerengero cha odwala m'mimba isanafike padoko, ngakhale palibe wodwala n'mmodzi yemwe. Odwala akafika 2 mwa anthu 100 alionse, pakati pa apaulendo kapena ogwira ntchito, imatumiza lipoti lapadera, ndipo akafika 3 mwa 100 alionse, CDC imalengeza poyera dzina la sitimayo. M'sitimamo mudzadziwa kuti zinthu zavuta ngakhale kaputeni asanalengeze: malo odzigawira chakudya amatsekedwa ndipo antchito ndiwo amakuikirani m'mbale, timabotolo ta mchere ndi tsabola timachotsedwa pamatebulo, mabuku ndi masewera ogwirizirana amasungidwa, ndipo paliponse pamakhala munthu ndi kansalu akupukuta. Ulendo ukatha, anthu atsopano amachedwetsedwa kukwera kuti sitima itsukidwe yonse. Antchito ogwira chakudya akadwala amapatulidwa mpaka patapita maola 48 atachira. Nthawi zina ulendo umadulidwa. Mu Januwale 2019, sitima ya Oasis of the Seas itakhala ndi odwala mazana angapo, apaulendo sanaloledwe kutsika ku Jamaica, ndipo sitimayo inabwerera ku doko la Port Canaveral ku United States tsiku limodzi nthawi isanakwane, kampani n'kubweza ndalama za ulendo kwa onse.

Musatenge kubweza ndalama koteroko ngati lamulo. Tikiti imene mukugula ndi mgwirizano, ndipo mawu ake ang'onoang'ono, amene ambiri timangowadumpha, amapatsa kaputeni ndi dokotala mphamvu yokaniza munthu kukwera ngati akuoneka wodwala, yomubindikiritsa m'chipinda, ndi yomutsitsa padoko lotsatira akaphwanya lamulo la kubindikira, ndipo wotsitsidwa chifukwa cha kusamvera amadzilipirira yekha ulendo wobwerera kwawo. Mgwirizano womwewo umalola kampani kudumpha doko kapena kusintha njira. Makampani ena amapereka kangachepe ka masiku amene munthu wakhala m'chipinda, kawirikawiri ngati kuchotsera mtengo wa ulendo wina wam'tsogolo, ena sapereka kanthu. Lemberani kampaniyo musanalipire, mufunse mafunso awa ndipo yankho mulisunge: wodwala akabindikiritsidwa amabwezeredwa chiyani, wogona naye chipinda chimodzi amatani, ndipo kuonana ndi dokotala chifukwa cha matenda a m'mimba kumalipiritsidwa kapena ayi. Chipatala cha m'sitima si chaulere, bilu yake imaikidwa pa akaunti ya chipinda chanu, ngakhale kuti makampani ena salipiritsa odwala m'mimba pofuna kuti anthu asamabise.

Tsono za mantha anu enieni. Pansi pa malamulo a zaumoyo a mayiko onse a bungwe la WHO, a chaka cha 2005, kaputeni amapereka kwa akuluakulu a padoko chikalata chofotokoza za umoyo wa anthu ali m'sitima, ndipo iwo ndiwo amaloleza kapena kukaniza anthu kutsika. Mu Febuluwale 2020, boma la Japan linabindikiritsa sitima ya Diamond Princess padoko la Yokohama, munthu wina amene anatsikira ku Hong Kong atapezeka ndi Covid-19. M'sitimamo munali anthu 3,711, ndipo apaulendo anauzidwa kukhala m'zipinda zawo masiku 14 kuyambira pa 5 Febuluwale. Anthu 712 anatenga kachilomboka ndipo osachepera 13 anamwalira. Chimene chinaoneka poyera n'chakuti sitima si malo abwino osungiramo anthu ambiri nthawi ya mliri, chifukwa apaulendo ali m'zipinda, antchito anapitiriza kuphika, kugawa chakudya ndi kugona angapo m'chipinda chimodzi, ndipo ena mwa iwo anadwala. Mwezi wotsatira ku Sydney, ku Australia, kunachitika zosiyana: apaulendo pafupifupi 2,700 a sitima ya Ruby Princess analoledwa kutsika pa 19 Malichi zotsatira za kuyeza zisanatuluke, ndipo imfa 28 zinalumikizidwa ndi sitimayo. Sitima ya Zaandam nayo inakanizidwa m'madoko a ku South America, anthu anayi n'kumwalira ili panyanja, mpaka inalandiridwa ku Fort Lauderdale, ku United States, pa 2 Epulo. Zonsezi zinachitika kachilombo kali katsopano, kulibe katemera, zoyezera zili zochepa, ndipo maboma ali ndi mantha. Kuchokera nthawi imeneyo njira imene imatsatidwa kwambiri ndi yopatula odwala okhaokha, kuyeza m'sitima momwemo, ndi kutsitsa odwalika kwambiri kuti akagonekedwe pamtunda. Sindinganene kuti za Yokohama sizingachitikenso, pakuti mu 2019 dziko la Saint Lucia linabindikiritsa sitima ya Freewinds chifukwa cha munthu mmodzi wa chikuku. Koma sindingalepheretse ulendo wa mayi chifukwa cha zimenezo, pokhapokha ngati pa nthawi yonyamukayo kwabuka mliri watsopano umene madokotala sanaumvetse.

Posankha chipinda, ngati thumba likulola, tengani chokhala ndi khonde lakelake. Ambiri amachiona ngati chodzisangalatsira chabe, koma munthu amene wakhala maola 48 m'chipinda chamkati chopanda zenera, ndi fungo la masanzi, angakuuzeni kusiyana kwake. Njira ya ulendo nayo ndi yofunika: kwa munthu wachikulire ndingasankhe ulendo woima padoko pafupifupi tsiku lililonse, m'malo amene kuli zipatala zikuluzikulu, kusiyana ndi wowoloka nyanja yaikulu kumene mumatha masiku angapo osaona mtunda. Chipatala cha m'sitima chimakhala ndi dokotala ndi anamwino okhoza kuthandiza mwadzidzidzi, koma ntchito yake ndi kumugwira munthu mpaka afike ku chipatala chenicheni. Ngati sitimayo imafika ku United States, mungathe kuona pa intaneti zotsatira za kuyendera kwa CDC, kumene kumachitika kawiri pachaka mosachenjeza, ndipo sitima imayenera kupeza 86 kapena kuposa mwa 100 kuti ikhoze. Musangoona nambalayo, werenganinso zimene oyenderawo anapeza, makamaka za madzi akumwa, kasungidwe ka chakudya ndi kalembedwe ka odwala.

Inshuwalansi ya paulendo musaiwerenge ngati chowonjezera. Iyenera kulipira chithandizo cha m'sitima ndi cha m'dziko lachilendo, kusamutsa wodwala pa ndege, hotela ngati mwatsitsidwa kuti mukabindikire pamtunda, ndi tikiti yobwerera ya inu nonse awiri. Polembetsa nenani za shuga ndi matenda ena onse a mayi, chifukwa matenda amene munthu anali nawo kale koma sanawaulule ndiwo amachititsa makampani a inshuwalansi kukana kulipira. Mankhwala awo onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mabokosi ake enieni, ndipo muwonjezere a masabata awiri pamwamba pa a masiku a ulendo, pamodzi ndi kalata ya dokotala, makina oyezera shuga ndi timapaketi ta ORS tobwezeretsa madzi m'thupi. Ngati amabaya insulini, uzani kampani pasadakhale kuti ikonze posungira pozizira ndi chotayiramo singano. Katemera wa chimfine ndi wa Covid-19 alandire patatsala masabata osachepera awiri kuti munyamuke, ndipo inunso onetsetsani kuti munalandira wa chikuku. M'sitimamo gwiritsani ntchito chimbudzi cha m'chipinda chanu pamene zingatheke, ndipo mukaona munthu wasanza pagulu, chokanipo msanga n'kuuza antchito, chifukwa kachilombo ka norovirus kamamwazikira patali.

Pomaliza pali matenda amodzi amene safala kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake koma amagwirizana ndi maulendowa, chibayo chotchedwa Legionnaires, chimene chimabwera popuma nthunzi ya madzi ofunda okhala ndi tizilombo, makamaka m'mabafa otentha obwatamuka aja. Chimakonda kugwira anthu opitirira zaka 50, osuta fodya ndi odwala shuga, choncho mayi asalowemo kapena kukhala pafupi nawo nthawi yaitali. Zizindikiro zake zimatha kuoneka mutabwerera kale kunyumba. Akayamba kutsokomola, kutentha thupi kapena kubanika mkati mwa masabata awiri mutatsika, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muuzeni dokotala dzina la sitimayo ndi masiku amene munali paulendo kuti ayeze matenda amenewa.