Yankho kwa amalume: nsolo ya kuwala

Amalume, mwaswera bwanji ku Chipata kumeneko? Ndamva funso lanu lija mu gulu, loti maatomu ozizira amene ndikuphunzirawa ndi chiyani, nanga akazizira chonchi amayenda bwanji. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kungatalike.

Maatomu ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga zinthu zonse. Kuzizira kwake si kwa mu June kuja timaothera moto m'mamawa ayi. Kuzizira kuli ndi polekezera, pa madigiri 273.15 pansi pa ziro. Mu 1995, ku Boulder ku America, a Eric Cornell ndi a Carl Wieman anaziziritsa maatomu a chitsulo china chotchedwa rubidium mpaka kungotsala kadontho kuti afike polekezerapo. Amayamba ndi laser, kuwala kolunjika kwa mtundu umodzi, kuti maatomu achepetse liwiro, poti kuchepa kwa liwiro ndiko kuzizira kwake, kenako amasiya otenthawo athawe, monga tiyi amazizira nthunzi ikamachoka.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pamandikoka mtima. Mukayang'anitsana ma laser awiri, kuwalako kumapanga timaenje tondandana, ngati nsolo yanu ija ya pansi pa mtengo wa mango. Kungoti timaenjeto ndi tating'ono zedi, pafupifupi 2,000 mu milimita imodzi. Maatomu aja amagwera m'menemo ngati miyala.

Pa nsolo, mwala suchoka m'dzenje popanda dzanja lanu. Koma atomu, amalume, imatha kupezeka m'dzenje lotsatira osakwera chipupa, imangochipyola. Azungu amati tunnelling. Kuwala kukachepa, maenje amakhala osaya, maatomu n'kumangoyenda momasuka nsolo yonse. Kukachuluka, maenje amazama, maatomu amakankhana, aliyense n'kukhala phee pake. Zimenezi anazionetsa a Markus Greiner ndi a Immanuel Bloch ndi anzawo ku Munich mu 2002. Maatomu omwewo, koma mwangosintha mphamvu ya kuwala basi.

Chinanso chimene chinandisowetsa tulo nditachimva koyamba n'chakuti, mukawakankha mosalekeza mbali imodzi, sathamangira komweko monga ngolo pamtsetse. Amapita pang'ono, n'kubwerera, n'kupitanso. Anaziona ku Paris mu 1996 ndi maatomu a chitsulo china chotchedwa cesium.

Mwina mufunsa kuti phindu lake n'chiyani. Waya wamagetsi wa m'nyumba mwanumo, wa mkuwa ngati uja amakumba ku Copperbelt, nawonso uli ndi maatomu ondandana, ndipo ma elekitironi, tizinthu tonyamula magetsi, amayenda pakati pawo. Koma m'wayamo simungaone kanthu, zimachitika mwachangu kwambiri, ndiponso mkuwa sukhala wopanda tizitsotso. Pa nsolo ya kuwalayi zonse zimayenda pang'onopang'ono, mpaka kujambula atomu imodziimodzi ndi kamera. Ndiye timaphunzirirapo chifukwa chake zinthu zina zimadutsitsa magetsi pomwe zina zimakana.

Ndikabwera pa Khrisimasi mudzatulutse nsolo ija, ndidzakusonyezeni ndi miyala yeniyeni. Mundiperekere moni kwa agogo.