Kodi koleji ya zaka ziwiri ya ku New York ndi yodalirika?

FUNSO: Mwana wa mchimwene wanga, amene amakhala ku New York, wayamba maphunziro pa Borough of Manhattan Community College, koma akuti ndi a zaka ziwiri zokha. Kodi kolejiyi ndi yodalirika, nanga pepala lake lidzamuthandiza?
Azakhali ake, Zomba

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo. Kolejiyi ndi ya boma, ili pansi pa City University of New York, imene ambiri amangoti CUNY, ndipo yakhala ikuphunzitsa kuyambira mu 1964. Ili kumwera kwa Manhattan, pa Chambers Street, ndipo imathandiza anthu wamba a mumzindawo: ogwira ntchito masana, makolo olera ana, komanso obwera kuchokera kumayiko ena amene akufunika kusula Chingerezi chawo. N'chifukwa chake makalasi ena amachitika madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo pafupifupi aliyense amene anamaliza sekondale amalandiridwa, ngakhale kuti maphunziro a unamwino ali ndi mpikisano wake.

Pepala limene mwanayo adzalandire ndi digiri ya associate, imene imafuna makirediti (mapointi amene wophunzira amapeza akakhoza phunziro lililonse) pafupifupi 60. Ena amapeza nayo ntchito, koma phindu lake lalikulu, m'kuona kwanga, ndi lakuti makireditiwo amawerengedwa akapita ku makoleji a zaka zinayi a CUNY monga Hunter, Baruch kapena City College, kumene angamalize digiri yoyamba ataonongapo ndalama zochepa. Wokhala mumzindawo amalipira madola 4,800 pa chaka, pamene wobwera pa visa ya ophunzira amalipira zochuluka.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kumaliza. Kulowa n'kosavuta, koma ophunzira ambiri amasiyira panjira chifukwa lendi ku New York ndi yokwera kwambiri, ndipo ntchito imawadyera nthawi yowerenga. Mumuuze afunse za pulogalamu ya ASAP, imene CUNY inayambitsa mu 2007, yomwe imathandiza ophunzira oyenerera pa mabuku, mayendedwe ndi uphungu. Akaonanenso ndi mlangizi wa maphunziro teremu ino, asanasankhe makalasi ena, kuti atsimikize kuti phunziro lililonse limene akulipirira lidzavomerezedwa ku koleji imene akufuna kukapitiriza.